Bondo Likakana Kugwada: Tibise Chiyani, Tiulule Chiyani?

KHUTBAH YOYAMBA

Kutamandidwa konse nkwa Allah, Mbuye wa zolengedwa zonse, amene adaumba munthu ndi kulumikiza mafupa ake mfundo ndi mfundo kuti athe kuima, kuwerama ndi kugunditsa chipumi chake pansi pamaso pa Mlengi wake. Tikumutamanda, tikumupempha chithandizo ndi chikhululuko. Ndikuikira umboni kuti palibe wopembedzedwa mwachoonadi koma Allah yekha, alibe wothandizana naye, ndiponso ndikuikira umboni kuti Muhammad ndi kapolo wake komanso Mtumiki wake. Madalitso ndi mtendere zikhale pa iye, pa akubanja lake, pa Maswahaba ake ndi pa onse owatsatira mwaubwino kufikira tsiku lachiweruzo.

Pambuyo pa izi, inu akapolo a Allah, ndikudzilangiza ndekha ndiponso ndikukulangizani inu kuti timuope Allah poyera ndi mseri momwe.

Abale ndi alongo anga m'Chisilamu, mu Hadith imene Imam Muslim adaisunga kuchokera kwa mayi wathu Aisha, Allah asangalale naye, Mtumiki (SAW) adatiphunzitsa kuti mwana wa Adam adalengedwa ndi mfundo 360. Mu Hadith ina adatiuza kuti m'mawa uliwonse mfundo iliyonse ili ndi sadaka yoyenera kuiperekera, ndipo marakaa awiri a Swalah ya Dhuha amakwanira kulipira zonsezo. Ambiri tidazimva izi ku madrasa tili ana, koma kulemera kwake kumamveka tsiku limene mfundo imodzi mwa 360 zija yakana ntchito. Munthu amaiwala kuti ali ndi bondo kufikira tsiku limene bondolo lakana kupindika pa sijida.

Tiyerekeze mwamuna wa zaka 30, wamphamvu zake, msodzi wokoka chilimira panyanja kapena woyendetsa galimoto lalikulu pamsewu wa ku Zóbuè. Mwezi wathawu ankaswali pamzere woyamba. Lero walowa mumzikiti akutsimphina ndipo wakhala pampando kumapeto kwa mzere. Bondo lakumanja latupa, likutentha. Chidendene chikumubaya akangoponda pansi m'mawa. Maso afiira ngati wagona pautsi. Palinso china chimene sadauze munthu: masabata atatu apitawo ankamva kuwotcha pokodza, ndipo ankaona timafinya pachovala cham'kati. Zimenezo zidasiya zokha, iye nkuganiza kuti zatha. Musatembenuke kuyang'ana kumbuyo, abale anga. Sindikunena munthu aliyense wa mumzikiti muno. Ndikunena nthenda imene ilipo pakati pathu, imene manyazi atiletsa kuitchula.

Mayi wathu Aisha adayamikira amayi a ku Madina, a Answar, chifukwa manyazi sankawaletsa kufunsa ndi kumvetsa za chipembedzo chawo. Nafenso akuluakulu athu adati mbewa ya manyazi idafera kuuna. Choncho tiyambe ndi kumvetsa chimene chimachitika m'thupi, kenako tifunse chimene Allah akufuna kwa ife.

Pali tizilombo tiwiri ta mtundu wa mabakiteriya timene timafala kwambiri kudzera m'kugonana. Kena nkamene kamayambitsa chinzonono, kamene dokotala wa ku Germany, Albert Neisser, adakatulukira mu 1879. Kenako nka nthenda yotchedwa klamidiya. Bungwe loona za umoyo padziko lonse, limene kuno timalidziwa ndi dzina loti OMS, lidawerengera kuti m'chaka cha 2020 chokha, pakati pa anthu a zaka 15 mpaka 49, klamidiya idagwira anthu ka 129 miliyoni ndipo chinzonono ka 82 miliyoni. Ambiri amadziwa kuti matendawa amagwira njira ya mkodzo ndi ziwalo zoberekera. Ochepa ndiwo amadziwa kuti amafika mpaka m'mfundo za mafupa, ndipo amafikamo m'njira ziwiri.

Njira yoyamba ndi iyi. Chinzonono chikakhala osachizidwa, mwa anthu ena ochepa kachilombo kamalowa m'magazi nkukakhazikika m'mfundo, monga pabondo, pakakolo kapena polumikizira dzanja ndi mkono. Munthu amatentha thupi, ululu umayendayenda kuchoka pamfundo ina kupita pa ina, pakhungu pamatuluka timatuza tochepa, ndipo nthawi zina mfundo imodzi imadzaza mafinya. Iyi ndi nthenda yofunika kuthamangira nayo kuchipatala, chifukwa mafinya akakhalitsa amawononga mfundo.

Njira yachiwiri ndi yodabwitsa. Chitetezo cha m'thupi, chimene Allah adachiika kuti chizimenyana ndi tizilombo, chikadzutsidwa ndi klamidiya chimapitirira malire nkuyamba kutupitsa mfundo za mwini wake yemwe. Izi zimayamba pakapita sabata imodzi mpaka masabata anayi chitengereni nthendayo. Madokotala m'Chipwitikizi amaitcha artrite reactiva, ife tingati nyamakazi yobwera pambuyo pa nthenda ina. Imakonda kumiyendo: bondo, kakolo, mtsempha wakumbuyo kwa chidendene, chala chakuphazi chimene chimatupa chonse, ndiponso msana chakumunsi. Kawirikawiri imagwira mbali imodzi kuposa inzake, ndipo ingabwere pamodzi ndi kufiira kwa maso ndi kuwotcha pokodza. Imapezeka kwambiri mwa amuna achinyamata. Ambiri amachira pakati pa miyezi 3 ndi 12, koma kwa ena imabwererabwerera kapena kukhalitsa zaka.

Tsopano gwirani mfundo ziwiri izi, chifukwa zonse zimene ndinene zatsamira pa izo. Yoyamba: nyamakazi yomweyi, ndi zizindikiro zake zomwezi, imabweranso pambuyo pa kamwazi ndi matenda ena otsegula m'mimba, amene munthu amawatenga pomwa madzi oipa kapena kudya chakudya chosasamalika. Dokotala wa ku Germany, Hans Reiter, amene dzina lake lidakhala pa nthendayi zaka zambiri, adailongosola mu 1916 pa msilikali amene adayamba ndi kutsegula m'mimba kwa magazi. Yachiwiri: klamidiya imakhala chete. Amayi ambiri amene ali nayo saona chizindikiro chilichonse, amuna ambirinso chimodzimodzi, ndipo ingakhale m'thupi miyezi yambiri mwini wake osadziwa.

Funso loyamba limene limabwera mumtima mwa wodwala, makamaka ngati akudziwa kumene adapita, ndi ili: kodi ichi ndi chilango cha Allah?

Tisapeputse tchimo. Chiwerewere ndi tchimo lalikulu. Mu Surat Al-Isra, ndime 32, Allah sadangoletsa kuchichita, adaletsa ngakhale kuchiyandikira. Allah adaikanso m'chilengedwe chake dongosolo lakuti zochita zimabala zotsatira zake. Wogwira moto amapsa, ndipo amene wagona kunja kwa nikah wadzitsegulira khomo la matenda amene akadatha kuwapewa. Ngati ululu wa bondo wamudzutsa munthu kutulo take, nkumukumbutsa Mbuye wake, ululuwo wamuchitira chifundo chimene thanzi silidamuchitire. Ndi bwino bondo likuchenjeze lero kusiyana ndi kuti miyendo idzakuikire umboni tsiku lija limene Surat Yasin ikutiuza kuti pakamwa padzatsekedwa, manja ndi miyendo nkuyankhula.

Koma kunena kuti nthenda iliyonse ndi chilango ndi kunamizira Allah. Mneneri Ayyub, mtendere ukhale pa iye, adadwala nthawi yaitali, ndipo Qur'an mu Surat Sad ikumuyamikira kuti adali wopirira ndi kapolo wabwino. Mtumiki wathu (SAW) adauza Abdullah ibn Mas'ud kuti iye amamva kutentha kwa thupi kofanana ndi kwa amuna awiri. Kodi amenewa ankalangidwa? Taganiziraninso za mayi amene sadamudziwepo mwamuna wina koma wake yekha, lero mawondo ake atupa ndi chinzonono chimene adachilandira pamphasa yake yomwe. Taganizirani za khanda lobadwa maso akutuluka mafinya chifukwa lidatenga kachilomboko pobadwa. Lachimwa chiyani? Ndipo alipo achiwerewere otchuka amene akuyenda ndi miyendo yolimba mpaka ukalamba. Ikadakhala kuti nthenda ndi muyeso wa machimo, muyeso umenewu ukadakhala wokhota, pamene Allah sapondereza munthu ngakhale pang'ono.

Chimene chimasandutsa nthenda kukhala chilango kapena chiyeretso ndi zimene munthu amachita nayo. Mtumiki (SAW) adatiuza kuti chilichonse chovutitsa Msilamu, ngakhale munga womubaya, Allah amamufafanizira nacho machimo. Amene wadwala nkulapa, nkufuna mankhwala, nkuteteza anzake, nthenda yamukweza. Amene wadwala nkuumitsa mtima, nkubisa, nkupitiriza kufalitsa, nthenda yomweyo yamuonjezera katundu. Ndipo wochimwa asataye mtima. Surat Az-Zumar, ndime 53, ikuitana amene adadzichitira okha zoipa mopyola muyeso kuti asataye chiyembekezo pa chifundo cha Allah.

Pali ena amene amati: popeza ndi chilango, ndingopirira, kupita kuchipatala nkukana chiweruzo cha Allah. Maganizo amenewa amaoneka ngati kuopa Allah, koma kawirikawiri amakhala manyazi ovala mkanjo. Pamene Khalifa Umar ibn Al-Khattab ankapita ku Sham, adamva ali pamalo otchedwa Sargh kuti kumeneko kwagwa mliri, ndipo atafunsa maganizo a Maswahaba adaganiza zobwerera. Abu Ubaidah adamufunsa ngati akuthawa chikonzero cha Allah. Umar adayankha kuti akuthawa chikonzero cha Allah kupita ku chikonzero cha Allah chomwecho, ndipo adapereka fanizo la mbusa wofika m'chigwa cha mbali ziwiri, ina ya msipu ina youma: kulikonse kumene angadyetse ngamira zake, wadyetsa mwa chikonzero cha Allah. Nthenda ndi chikonzero, jakisoni wa kuchipatala nayenso ndi chikonzero. Imam Bukhari adasunga Hadith yotiphunzitsa kuti Allah sadatsitse nthenda popanda kutsitsanso mankhwala ake.

Funso lachiwiri ndi lathu ife otsala, amene tikuona m'bale wathu akutsimphina. Kodi tili ndi ufulu woweruza?

Ndikuopa chinthu chimodzi pa khutbah iyi. Ndikuopa kuti wina atuluka muno ndi chida chatsopano cha miseche, nkuyamba kuwerenga anthu oswali pamipando. Ngati mutero, mwatenga mankhwala nkuwasandutsa poizoni. Kumbukirani zimene ndanena: kutupa komweku kumabwera ndi kamwazi. Palinso nyamakazi zamitundu ina zambiri, ya ukalamba, ya kuvulala, ndi zina zosakhudzana konse ndi kugonana. Dokotala amene adaphunzira zaka zambiri sanganene gwero lake pongoyang'ana bondo, amayamba wafunsa ndi kuyeza. Nanga iwe wokhala pakhonde la sitolo ukudziwa bwanji?

Surat Al-Hujurat, ndime 12, ikutiletsa zinthu zitatu motsatizana: kuganizirana zoipa, kufufuzana ndi kujedana, ndipo ikufanizira mjedo ndi kudya mnofu wa m'bale wako wakufa. Surat An-Nur, ndime 4, idaika chilango cha zikoti 80 kwa wonamizira mkazi wodzisunga chiwerewere popanda mboni zinayi. Surah yomweyo ndi imene idayeretsa mayi wathu Aisha pamene mphekesera idazungulira Madina mwezi wathunthu. Taonani kukwera kwa mpanda umene Allah adamangira ulemu wa munthu. Bondo lotupa si mboni, ngakhale imodzi mwa zinayi zija.

Miseche ilinso ndi chipatso china chowawa. Munthu akadziwa kuti mudzi wonse umuloza chala, sapita kuchipatala. Amagula timapiritsi tiwiri pamsika, kapena amapita kukatemera mphini nkumati adaponda mankhwala panjira, chifukwa kulodzedwa kulibe manyazi. Nthenda imakhalabe m'thupi mwake ndi m'nyumba mwake. Choncho lilime la wojeda limathandiza kachilombo kufala. Chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe.

Ndanena mawu angawa, ndipo ndikupempha chikhululuko kwa Allah pa ine ndi pa inu. Mupempheni chikhululuko, pakuti Iye ndi Wokhululuka, Wachisoni.

KHUTBAH YACHIWIRI

Kutamandidwa nkwa Allah amene amabisa zolakwa za akapolo ake ndi kulandira kulapa kwawo. Madalitso ndi mtendere zikhale pa Mtumiki wake Muhammad, pa akubanja lake ndi Maswahaba ake onse.

Inu akapolo a Allah, tafika pa funso lolemera kuposa onse. Mwamuna uja wapita kuchipatala. Amuyeza, amupatsa mankhwala, ndipo anamwino amuuza kuti: bwerani ndi akunyumba kwanu, nawonso alandire chithandizo. Iye watuluka, waima pansi pa mtengo, mtima ukugunda. Akawauza, banja ligwedezeka. Akapanda kuwauza, palibe amene adziwe, popeza mayiwo sakumva kupweteka paliponse. Ndiye Satana amamubweretsera chipembedzo chomwe ngati pobisalira, nkumunong'oneza kuti: kodi Chisilamu sichilamula kubisa tchimo limene Allah wakubisira?

Nzoona, chimalamula. Mtumiki (SAW) adachenjeza za anthu amene amachimwa usiku, Allah nkuwabisa, kukacha iwo eni nkumaulula zimene adachita. Pamene Ma'iz adabwera kudzavomera chiwerewere, Mtumiki adamutembenukira kumbali kangapo, ndipo pambuyo pake adauza Hazzal, amene adamulimbikitsa kubwera, kuti kukadakhala bwino akadamuphimba ndi chovala chake. Chisilamu sichifuna kuti munthu aime pagulu nkulengeza zamseri zake. Kulapa kuli pakati pa kapolo ndi Mbuye wake.

Koma Mtumiki yemweyo adaika lamulo lina, limene Imam Ibn Majah adalisunga ndipo Imam An-Nawawi adaliika m'gulu la Mahadith ake 40, lakuti m'Chisilamu mulibe kudzetsa vuto kapena kubwezerana vuto. Adaletsanso mwini ngamira zodwala kuzisakaniza ndi ngamira zathanzi za mnzake. Ndipo tsiku lina akuyenda pamsika adapisa dzanja mumulu wa chakudya chogulitsa, napeza kuti cham'kati nchonyowa pamene chapamwamba nchouma. Adafunsa wogulitsayo chifukwa chimene sadaike chonyowacho pamwamba kuti anthu achione, ndipo adanena kuti wachinyengo sali mwa ife. Ngati kubisa chakudya chonyowa kwa wogula wosamudziwa ndi chinyengo, nanga kubisa nthenda kwa mkazi amene udamutenga m'dzina la Allah pamaso pa mboni tikutcha chiyani?

Kodi malamulo awiriwa akutsutsana? Ayi, chifukwa akunena zinthu ziwiri zosiyana. Tchimo ndi lako, ndipo uli ndi chilolezo cholibisa pakati pa iwe ndi Allah. Nthenda ikalowa m'thupi la munthu wina yasiya kukhala chinsinsi chako. Thupilo ndi lake, ndi amana imene Allah adzamufunsa iye, ndipo sangaisamale ngati sakudziwa chimene chili m'katimo. Maulama amanena kuti kulapa kuli ndi zofunika zitatu: kusiya tchimo, kumva chisoni, ndi kutsimikiza kusabwererako. Tchimolo likakhudza ufulu wa munthu wina pamaonjezereka chachinayi, chimene ndi kukonza chimene udaononga. Wakuba mbuzi salapa mbuziyo ili m'khola mwake. Chomwechonso amene walowetsa nthenda m'nyumba sadamalize kulapa pamene mkazi wake akadali nayo, ngakhale atalira usiku wonse pamkeka wa Swalah.

Tamverani mtengo wa kukhala chete. Mwa mayi, klamidiya ndi chinzonono zosachizidwa zimakwera kuchokera kukhomo la chiberekero kupita m'machubu odutsa mazira. Kumeneko zimasiya zipsera zimene zingatseke njira. Zotsatira zake ndi kupweteka kwa m'chinena kosatha, mimba yokhala kunja kwa chiberekero imene ingaphe mayi ndi kutaya magazi, kapena kusabereka. Ndiye pakapita zaka zitatu popanda mwana, achibale a mwamuna yemwe uja amayamba kunong'ona kuti mkaziyu ndi chumba, nkumulangiza kuti akwatire wina. Iye amakhala duu, akudziwa. Nkhuyu zodya mwana zidapota wamkulu, koma apa wadya ndi wina, wopotedwa ndi wina, ndipo wopotedwayo ndiye akunyozedwa. Kodi pali kupondereza koposa uku? Ndiponso kubisako sikumupulumutsa mwini wake, pakuti akachira yekha nkubwerera kwa mkazi wosachizidwa amaitenganso, ndipo nyamakazi ija ingayambirenso.

Tsono anene chiyani? Chimene chili chokakamizidwa pa iye ndi ichi: kuwauza akunyumba kuti kuchipatala andipeza ndi nthenda yopatsirana pakati pa mwamuna ndi mkazi, tonse tifunika mankhwala, tiyeni tipitire limodzi. Shariya siikumukakamiza kufotokoza za tsiku, malo ndi dzina. Koma pali malire awiri amene asawadumphe. Asalumbire bodza m'dzina la Allah. Ndipo asatembenuze mlandu nkuloza mkazi wake kuti ndiye wabweretsa, pamene mtima wake ukudziwa zoona. Kuteroko nkuonjezera tchimo la kunamizira pamwamba pa tchimo la chiwerewere. Amene ali pamitala adziwe kuti udindowu ukukhudza nyumba zake zonse, pakuti chilungamo pakati pa akazi sichithera pa ufa ndi nsalu. Ndipo zonse ndanenazi zikumukhudzanso mkazi ngati iye ndiye wapezeka ndi nthendayi.

Sindikunamizani kuti nzopepuka. Mayiyo angalire, angakwiye, angapite kwawo masiku angapo, angaitane ankhoswe. Ali ndi ufulu wokwiya. Alinso ndi ufulu wokana kukhalira pamodzi kufikira onse atamaliza mankhwala, ndipo mwamuna asatchule kukanako kuti ndi kusamvera. Mwina banja lidzalimba pambuyo pake, mwina lidzatenga nthawi, mwina silidzabwereranso mwakale. Palibe shehe amene angakulonjezeni mathero ake. Chimene ndingakuuzeni nchakuti manyazi a tsiku limodzi pamaso pa mkazi wako ndi opepuka kuposa kudzaima naye pamaso pa Allah, iye akufunsa za ana amene sadabereke.

Kwa inu amene mwalandira uthenga woterewu kuchokera kwa mnzanu wapabanja, ndikuti: yambani mwalandira mankhwala, milandu ibwere pambuyo. Musafulumire kugamula. Popeza klamidiya imakhala chete nthawi yaitali, ingakhale yochokera m'banja loyamba la mmodzi wa inu, kapena m'moyo umene munthu adausiya kale nkulapa. Kupezeka kwake lero sikunena tsiku limene idalowa. Ndipo zindikirani kuti amene wabwera kudzakuuzani, pamene akadatha kubisa, wasankha thanzi lanu pamwamba pa ulemu wake. Chimenecho sichifafaniza cholakwa, koma chiyenera kuikidwa pasikelo.

Ndimalize ndi malangizo ogwirika. Mukaona kuwotcha pokodza, mafinya kapena chikazi chachilendo, pitani kuchipatala ngakhale zizindikirozo zitasiya zokha. Mfundo ikatupa ndi kutentha popanda kuvulala, makamaka thupi likamatenthanso kapena maso akafiira, musachedwe, ndipo muuzeni dokotala zonse, kuphatikizapo zimene mukuchita nazo manyazi. Kuuza dokotala si kuulula tchimo pagulu, iye ali ndi udindo wosunga chinsinsi. Chinzonono masiku ano chimachizidwa ndi jakisoni wa ceftriaxone, chifukwa kachilombo kake kadazolowera mankhwala ambiri akale, ndipo chimene chidachizolowetsa china ndi kumwa mankhwala mwachisawawa ndi kusiyira panjira. Klamidiya imachizidwa ndi mapiritsi monga doxycycline kwa masiku 7, koma mayi woyembekezera amapatsidwa ena, choncho musagawane mankhwala kunyumba. Malizani onse, ndipo musakhalire pamodzi kufikira nonse mutamaliza ndi kudikira masiku amene achipatala akuuzani. Pemphaninso kuyezedwa HIV ndi chindoko, pakuti matendawa amayenda njira imodzi. Dziwani kuti mankhwala opha kachilombo sachotsa kutupa kwa nyamakazi yachiwiri ija tsiku lomwelo. Imafuna mankhwala ake ochepetsa kutupa, kupumitsa mfundo ikatupa kwambiri, kuiyendetsa pang'onopang'ono ikayamba kuphwa, ndi kupirira kwa miyezi. Diso likayamba kupweteka kapena kuona mwachimbuuzi, bwererani kuchipatala msanga.

Ndipo iwe m'bale wanga amene bondo lakana kugwada, usasiye Swalah ndipo usathawe mzikiti. Imran ibn Husain adali ndi nthenda yovuta kuitchula pagulu, ya mudzi, ndipo adafunsa Mtumiki (SAW) za Swalah. Adauzidwa kuti aswali ataima, akalephera atakhala, akalepheranso atagona chammbali. Mpando wako suchepetsa Swalah yako. Bwera, khala pamzere ndi abale ako. Ife tikusendezera mpando, ndipo sitikufunsa.

Inu achinyamata amene simudakwatire, chitetezo chimene sichilephera ndi kudzisunga. Inu makolo, pepukitsani nikah, musaikweze mtengo mpaka haramu nkukhala yotchipa kuposa halali. Inu apaulendo, a panyanja, a pamsewu ndi a kumigodi ya ku Moatize, kumbukirani kuti Allah wa kumudzi ndi yemweyo wa kumene mwagona usiku uno, ndipo chimene mungatenge kumeneko mudzafika nacho pakhomo pa munthu amene akukudikirani ndi madzi osamba.

O Allah, tikhululukireni machimo athu, oonekera ndi obisika. O Allah, phimbani zamanyazi zathu pano padziko ndi tsiku lomaliza, ndipo tipatseni mphamvu yonena zoona pamene chete wathu angapweteke wina. O Allah, chizani odwala athu, limbitsani mfundo zofooka, ndipo bwezerani pa sijida mawondo amene akuilakalaka. O Allah, tonthozani amayi amene adavutika popanda kulakwa, ndipo apatseni ana abwino amene akuwapempha. O Allah, tetezani malilime athu ku mjedo ndi mitima yathu ku kuganizirana zoipa. Ikani chikondi ndi chifundo m'mabanja athu, sungani achinyamata athu, ndipo dalitsani dziko lathu la Mozambique ndi mtendere. Madalitso ndi mtendere zikhale pa Mtumiki wathu Muhammad, pa akubanja lake ndi Maswahaba ake onse.

Inu akapolo a Allah, mukumbukireni Allah, Iye adzakukumbukirani. Muthokozeni pa mfundo iliyonse imene ikupindika lero. Imirirani tiswali.